Rumble, Hartke, Peavey wakale kapena kabokosi ka DI: kusankha ampu ya bezi kuno ku Harare

Oimba bezi ambiri akaona ampulifaya amayamba ndi kufunsa kuti ili ndi mawati angati, koma pa mafunso onse oyenera kufunsa, limeneli ndi limene limasocheretsa anthu kwambiri. Ampu ya mawati 200 siimveka kawiri kuposa ya mawati 100. Kuwirikiza mawati kumangowonjezera madesibeli 3, kusintha kumene khutu limakumva pang'ono chabe, ndipo kuti phokoso limveke ngati lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Zimene zimasiyanitsadi ma ampu pa ntchito ndi masipika amene ali m'bokosi, kulemera kwake, magetsi amene amafuna, ndiponso ngati kumbuyo kuli pobaya chingwe cha XLR chopita ku mikisa. Pa zinthu zimenezi ndi pamene ndikuyerekezera njira zimene anzathu oimba m'matchalitchi a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, komanso m'mabandi a sungura (nyimbo zothamanga za magitala za kuno ku Zimbabwe), amasankhapo.

Tiyambe ndi nyimbo zimene timaimba, chifukwa ndizo zimalamula ampu. Nsambo yaikulu ya gitala ya nsambo zinayi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo pa gitala ya nsambo zisanu imatsika kufika ka 31. Mawu otsika chonchi amafuna sipika yokankha mpweya wambiri, n'chifukwa chake anthu amathamangira mabokosi opangitsa kwa akalipentala okhala ndi sipika ya mainchesi 15 kapena 18. Koma bezi ya sungura siikhala pansi pokha. Aliyense amene anaonerapo a Alick Macheso, omwe mizu yawo ili kwathu ku Malawi, akudziwa kuti bezi yawo imathamanga, imakwera m'mwamba mwa gitala ndipo nthawi zina imatsogolera nyimbo yonse. Kaimbidwe kameneka kamamveka chifukwa cha mawu apakati, amene amaonetsa pamene chala chagunda nsambo. Bokosi lalikulu lopangidwa mongoyerekeza, popanda kuwerengera kukula kwake molingana ndi sipika, limagwedeza mabenchi koma limameza mawu apakatiwo, moti anthu amamva kugunda kwa bezi osamva nyimbo imene mukuimba. Masipika a mainchesi 10 kapena 12 amene ali m'bokosi lopangidwa bwino amatulutsa kaimbidwe kameneka momveka.

Njira yoyamba ndi ampu yopepuka yokhala m'bokosi limodzi ndi sipika yake, imene oimba amaitcha combo, ndipo chitsanzo chodziwika ndi banja la Fender Rumble, lomwe mtundu wake wopepuka unatuluka mu 2014. Rumble 25 ili ndi sipika ya mainchesi 8, ndipo ndi yophunzirira m'nyumba basi, chifukwa ilibe XLR. Rumble 40 ili ndi sipika ya mainchesi 10 ndi XLR, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 8. Rumble 100 ili ndi sipika ya mainchesi 12 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 10, kutanthauza kuti munthu amatha kuinyamula ndi dzanja limodzi gitala ili kumsana, n'kukwera nayo kombi ataiika pamiyendo. Kwa woimba wa kutchalitchi kumene kuli kale mikisa ndi masipika, ndikuona kuti Rumble 100 ndiyo yoyenera kwambiri: imakhala pambali panu kuti muzidzimva, pamene chingwe cha XLR chikupititsa mawu anu kwa mpingo wonse. Zofooka zake ziripo ziwiri. Simungailumikize ku bokosi lina la sipika, ndiye tsiku limene mudzafune mphamvu yochulukirapo mudzayenera kugula ampu ina. Chachiwiri, mukakweza voliyumu yaikulu ya ampu, mawu opita ku mikisa amakweranso, choncho muyenera kugwirizana ndi woyendetsa mikisa musanayambe ndipo musamangoikhudza pakati pa nyimbo.

Rumble 500 imaphunzitsa bwino nkhani ya mawati olembedwa pa dzina. Ili ndi masipika awiri a mainchesi 10, ndipo payokha imatulutsa mawati 350. Mawati 500 amafika pokhapokha mwalumikiza bokosi lina la 8 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi), pakuti mabokosi awiri a 8 ohm akalumikizidwa pamodzi amakhala 4 ohm, ndipo pamenepo m'pamene ampu imapereka mphamvu yake yonse. Ngakhale zili choncho, mawati 350 pa masipika awiriwo amakwana kulimbana ndi woimba ng'oma wa dzanja lolemera pa ukwati kapena m'holo yapakatikati, zimene Rumble 100 siingathe popanda thandizo la mikisa.

Njira yachiwiri ndi ma ampu akale olemera amene amapezeka kwa anthu ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka Peavey TNT ndi TKO, kapena Hartke HA3500 pamodzi ndi bokosi lake la masipika anayi a mainchesi 10. Pano ndi pamene mtima wanga umagawanika, chifukwa ubwino wake ndi weniweni. Ma Peavey akalewa anapangidwa kuti apirire, ndipo m'kati mwake muli thiransifoma yaikulu ndi zipangizo wamba zimene katswiri wokonza mawailesi ndi ma ampu m'tauni muno amatha kuziyeza n'kuzisintha chimodzichimodzi. Sipika ya Black Widow, imene imapezeka m'ma TNT ambiri, inapangidwa mwakuti ikapsa mumangomasula mabawuti n'kusintha mbali yakutsogolo, maginito n'kutsala omwewo. Komabe mawu a TNT ndi a sipika imodzi ya mainchesi 15: ndi onenepa, oyenera nyimbo zofatsa za kwaya ndi reggae, koma pa sungura wothamanga muyenera kukweza mawu apakati kuti musasowe. Kulemera kwake kumaposa makilogalamu 30, ndipo ameneyu si katundu wokwera naye kombi.

Hartke ndi yosiyana kwambiri. Masipika ake a aluminiyamu amatulutsa mawu akuthwa, ogunda msanga, ndipo chala chilichonse chimamveka pachokha, n'chifukwa chake ndimaiona kuti ndi yogwirizana ndi sungura kuposa zonse zimene ndatchulazi. HA3500 imapereka mawati 350 pa 4 ohm, ocheperapo pa 8 ohm, ndipo ili ndi timabatani khumi totsetsereka tosinthira mawu, timene timathandiza m'holo ya simenti ndi malata imene imabweza phokoso: mumatsitsa pang'ono pamene chipinda chikuwirima, n'kukweza pamene zala zikumvekera. Kuthwa komweko ndiko kumakhala vuto kwa woimba amene sanazolowere kugwira nsambo zimene sakuziimba, pakuti kukhudza kulikonse kosafunika kumamveka. Bandi imene ili ndi galimoto komanso anthu onyamula ingasankhe Hartke mosakayika. Woimba amene amayenda yekha aganize kawiri.

Njira yachitatu ndi ma ampu ang'onoang'ono amakono opanda sipika, otchedwa head, monga Markbass Little Mark III ya ku Italy, imene imapereka mawati 500 pa 4 ohm ndi 300 pa 8 ohm koma siifika makilogalamu 3, kapena TC Electronic BH250 ya mawati 250. Imalowa m'chikwama, ndipo pa Markbass mungasankhe kuti mawu opita ku mikisa atuluke asanasinthidwe kapena atasinthidwa kale, komanso ali ndi voliyumu yawoyawo, chimene Rumble ilibe. Vuto lake ndi la kuno kwathu. Ma ampu oterewa akawonongeka, kawirikawiri pamafunika kusintha bolodi yonse, ndipo bolodiyo imayenera kuitanitsidwa kunja, nthawi zambiri kudzera ku Johannesburg, n'kudikira kuti idutse pa Beitbridge. Nkhawa yomweyi imakhudzanso ma Rumble akuluakulu, popeza kupepuka kwawo kumachokera ku kapangidwe komweko. Komanso head payokha siimveka: muyenera kukhala ndi bokosi labwino, kapena kudalira limene mukalipeze kumene mukupita.

Ampeg SVT ndingoitchula mwachidule. Inatuluka mu 1969, imapereka mawati 300 kudzera m'ma valve (timababu tagalasi tokulitsa mawu), ndipo mawu ake ndi okoma zedi, koma head yokha imayandikira makilogalamu 40, ma valve ake ndi odula, ndipo siiyenera kuyatsidwa popanda sipika. Ndi ya makampani obwereketsa zida pa zoimbaimba zikuluzikulu ngati za ku Harare Gardens kapena Glamis Arena, osati ya munthu payekha.

Njira yachinayi ndi kusagula ampu n'komwe, koma kabokosi ka DI monga SansAmp Bass Driver DI ya kampani ya Tech 21, kapena Behringer BDI21 yotsika mtengo yomwe inatengera kapangidwe kake. Gitala imalowa m'kabokosi, chingwe cha XLR n'kupita ku mikisa, ndipo kabokosiko kamapatsa bezi mawu ofanana ndi a ampu ya ma valve. Kamayendera batire la mavoti 9. Njirayi ndi yabwino kumene kuli masipika otha kunyamula bezi ndiponso sipika yoyang'ana oimba. Kumene kulibe sipika yotereyi, woimba bezi amangomva mawu ake akubwerera kuchokera kukhoma lakumbuyo mochedwa, ndipo iye ndi woimba ng'oma amayamba kusemphana. Choncho kabokosika ndimakaona ngati chida chachiwiri chimene woimba aliyense ayenera kukhala nacho m'chikwama, osati cholowa m'malo mwa ampu.

Pa zoyeserera kunyumba, makamaka kwa amene tikuchita lendi chipinda m'nyumba yokhalamo mabanja angapo, mawu a bezi amadutsa khoma mosavuta ngakhale voliyumu ili yotsika. Rumble 25 ndi 40 zili ndi pobaya mahedifoni komanso polowetsera nyimbo za m'foni. Koma Zoom B1 Four, imene imayendera mabatire anayi a AA kapena chingwe cha USB ndipo ili ndi ng'oma zoyeserera m'kati, imaposa ampu yaing'ono pa chifukwa chimodzi chachikulu: magetsi a ZESA akazima, inu mumapitiriza.

Pa kujambula, mpikisano uli pakati pa kubaya gitala mwachindunji ndi kuika maikolofoni patsogolo pa sipika, ndipo m'nyumba zathu kubaya mwachindunji kumapambana kutali. Kachipangizo ngati Focusrite Scarlett Solo kamatenga magetsi ku laputopu. Mumabaya gitala, n'kudina batani lolembedwa INST, n'kukweza mpaka mawu aakulu kwambiri azifika cha pa madesibeli -12 mpaka -6 pa mita ya pulogalamu yojambulira, osafika pofiira. Mawu ojambulidwa chonchi ndi oyera, ndipo pambuyo pake mungawadutsitse m'pulogalamu yotengera mawu a ampu ya Ampeg kapena ina iliyonse, n'kusintha maganizo kangapo popanda kuimbanso. Maikolofoni ngati AKG D112 kapena Shure SM57 imagwira mawu a sipika ndi mpweya wake, zimene ndi zokoma, koma imagwiranso kunjenjemera kwa magalasi a mawindo ndi malata, kuwirima kwa kachipinda kakang'ono, ndi mawu a ana akusewera panja. Ampeg B-15, imene inatuluka mu 1960 ili ndi mawati osapitirira 30, inatchuka m'masitudiyo a ku America, ndipo izi zikusonyeza kuti kujambula sikufuna ampu yaikulu. Rumble 40 yokhala pa mpando, kutali ndi ngodya ya chipinda, imajambulika bwino kuposa bokosi la masipika anayi limene simungathe kulikweza.

Mukafuna kusakaniza njira ziwirizi, kumbukirani kuti mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa milisekondi imodzi, choncho a maikolofoni amafika mochedwa pang'ono kuposa a chingwe. Mukawaphatikiza n'kumva bezi yaonda m'malo monenepa, kulitsani zithunzi za mawuwo pa kompyuta, n'kusuntha a maikolofoni mpaka mafunde awiriwo akwerere limodzi. Ndipo popeza nyimbo zathu zambiri zimayenda pa WhatsApp n'kumveredwa pa foni, imene sipika yake siitulutsa mawu otsika a bezi, kwezani pang'ono mawu a cha pa 700 mpaka 800 Hz (kutanthauza onjenjemera ka 700 mpaka 800 pa sekondi), ndipo musanatumize nyimboyo imvereni pa foni yomweyo.

Magetsi amakhudza kusankha konseku. Inveta zotsika mtengo ndi majenereta ang'onoang'ono nthawi zambiri zimalowetsa kulira kosalekeza m'ampu, ndipo jenereta ikamasinthasintha mphamvu ingaononge zida. Batani lolembedwa ground lift, la pa ampu kapena pa kabokosi ka DI, limachotsa kulira kobwera chifukwa ampu ndi mikisa zabayidwa m'masoketi osiyana, koma musadule waya wa earth pa pulagi pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa nsambo za gitala n'zolumikizidwa ku ampu ndipo zala zanu zili pa nsambozo. Pojambula, kuzula chaja ya laputopu kuti iyendere batire kumachotsa phokoso lambiri nthawi yomweyo.

Musanalipire ampu yogwiritsidwapo kale ntchito, itembenuzeni muwerenge kachitsulo kapena kapepala kamene kali pafupi ndi polowera magetsi. Kuno magetsi ndi a mavoti 220 mpaka 240, pamene ampu yogulidwa ku America kawirikawiri imalembedwa 120V, ndipo kuibaya pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu n'kuiotcha. Kenaka, ampu ili chizimire, ngati sipika ikufikirika, ikankheni pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati pake: iyenera kulowa ndi kubwerera mwakachetechete, ndipo mukamva kukhulana ndiye kuti koilo inayamba kupsa. Pitani ndi gitala yanu ndi chingwe chanu, imbani nsambo yaikulu mokweza kwa mphindi zingapo kuti ampu itenthe, ndipo pemphani wogulitsa kuti mulumikize XLR ku mikisa kapena ku kachipangizo kanu kojambulira kuti mutsimikize kuti nayonso ikutulutsa mawu.