Injini ya HO ikamaima panjira: kupukuta, kuwonjezera waya, kapena Keep-Alive?

Sitima zazing'ono zachidole za HO ndi OO (mayina a misinkhu yake) zimatenga magetsi ku njanji ziwiri zotalikirana mamilimita 16.5, ndipo magetsiwo amalowa pokhapokha pamene gudumu lakhudza njanji. Akangodukiza pamenepo, nyale imaphethira, injini n'kuima. Musanagule chilichonse, onani malo amene ikuimira. Ikamaima pamodzimodzi nthawi zonse, vuto lili m'njanji. Ikamaima paliponse pomwe zinzake zikudutsa bwinobwino, vuto lili m'injiniyo.

Kupukuta ndiyo njira yotsika mtengo, koma pali magulu awiri. Ena amakhula ndi labala monga Bright Boy kapena wa kampani ya Peco, ena amapukuta ndi kansalu konyowetsedwa ndi isopropyl wa 90 peresenti kapena kuposa. Labala amathandiza njanji ikamatidwa ndi penti kapena guluu wa timiyala, koma amasiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo litsiro limadzakhazikika m'timizere tomweto. Pa ntchito ya masiku onse kansalu kamapambana. Sandipepa musamuyandikitse n'komwe. Magudumu a injini amatsukidwa chonchi: yalani kansalu konyowa pa njanji, theka la magudumu likhale pakansalu, theka lina pa njanji ya magetsi, gwirani injini pang'ono kuti magudumu azungulire, kenaka itembenuzeni. Onaninso tizitsulo topyapyala totenga magetsi tomwe timakhudza magudumu kumbuyo kwake. Timakola ulusi ndi mafuta, nthawi zina timapindika n'kusiya kukhudza gudumu sitima ikamakhota. Mafuta ochuluka ndiwo amayambitsa zambiri mwa izi. Kadontho ka pansonga ya singano kamakwana.

Kupukuta sikungathandize ngati magetsiwo sakufika. Tizitsulo tolumikiza njanji timakhwefuka pakapita nthawi. Mita ikhoza kukusonyezani mavoti okwanira pamene panjanji palibe chogwiritsa ntchito magetsi, choncho yezani ndi babu la mavoti 12 kapena injini ili pomwepo. Mankhwala ake n'kuwotcherera waya woonda wa 22 AWG (muyezo wa kunenepa kwa waya) ku chidutswa chilichonse cha njanji, mwachitsanzo chilichonse cha mamilimita 914, n'kumulumikiza ku waya wamkulu wa 14 AWG pansi pa tebulo. Ndi ntchito yotopetsa, koma imachitika kamodzi.

Pamphambano ya njanji m'pamene kusankha kumavuta. Mphambano ya Peco yotchedwa Insulfrog ili ndi pulasitiki pamalo pamene njanji zikumana. Siivuta kuika, koma injini yaifupi ya magudumu anayi, 0-4-0, ikamayenda pang'onopang'ono gudumu limodzi limakhala papulasitiki, ndipo linzake likangotukuka pang'ono basi yaima. Inzake yotchedwa Electrofrog ndi yachitsulo pamalo okumanirapowo, motero injini imadutsa ngakhale ikukwawa. Mtengo wake ndi ntchito: pamafunika tolumikizira tapulasitiki ku njanji ziwiri zotuluka pamalo okumanirapo, ndipo n'kwabwino kuikapo chosinthira magetsi a pamalopo mphambano ikatembenuka. Chosinthiracho chikhoza kukhala switchi ya m'mota yotembenuza mphambano ngati Tortoise, kapena Frog Juicer ya Tam Valley Depot kwa amene ali pa DCC, njira yoyendetsa sitima ndi malamulo a dijito odzera m'njanji. Apa musasokoneze kuima ndi shoti, kugundana kwa magetsi a njanji ziwirizo. Shoti imazimitsa sitima zonse nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi magudumu oyandikana kwambiri. Pa OO mpata wa pakati pa misana ya magudumu uzikhala pafupifupi mamilimita 14.5.

Njira yachitatu ndi makapasita, tizipangizo tosunga magetsi: Keep-Alive ya TCS, CurrentKeeper ya SoundTraxx, PowerPack ya ESU. Amalumikizidwa ku dikoda, kachipangizo ka m'injini kolandira malamulo a DCC, ndiye njira iyi ndi ya DCC. Wa DC wamba, wopanda dikoda, abwerere ku ziwiri zoyambazo. Injini imadutsa pamalo akufa popanda kudzidzimuka, ndipo ya mawu siiyambanso phokoso lake kuchokera pachiyambi magetsi akangophethira. Zovuta zake zilipo. M'injini yaing'ono, yomwe imawafuna kwambiri, malo owaikapo ndi ochepa. Ena amasokoneza kuwerenga ma CV, manambala a makonzedwe a dikoda, pa njanji yopangira pulogalamu. Mukazimitsa magetsi injini ikhoza kupitirirabe kwa kanthawi, chinthu choopsa ngati njanji ikuthera m'mphepete mwa tebulo. Choipitsitsa n'chakuti amabisa matenda: cholumikizira chokhwefuka chimakhalabe chokhwefuka, ndipo injini ina yopanda kapasita idzaima pomwepo.

Kwa ine Keep-Alive ndi yoyenera injini yaifupi kapena ya mawu yoyenda pa mphambano za Insulfrog zomwe zinamatidwa kale ndipo simukufuna kuzizula. Amene akuyala njanji zatsopano aike Electrofrog ndi waya pachidutswa chilichonse. Koma injini ikaima nyale ikuyakabe, mota ikung'ung'udza, njira zitatu zonsezi sizikukhudza vutolo. Tsegulani, muone ngati girisi wauma, giya yang'aluka kapena kamwala kakola m'mano a giya.