OpenFOAM, Fluent kapena FLOW-3D: iti ingathandize pa paipi ya pansi pa nyanja?

Paipi ya mafuta ikagona pansi pa nyanja, madzi saisiya mwamtendere. Amafukula mchenga kunsi kwake mpaka chigawo china chimatsala lende, chopanda chochirikiza. Zikatero kuseri kwa paipi kumayamba kutuluka timakamvuluvulu ta madzi, kena m'mwamba kena m'munsi mosinthanasinthana, paipi n'kuyamba kugwedezeka. Tengani paipi yaikulu ngati ya Forties ku North Sea, ya mainchi 36, yomwe imatulukira kumtunda ku Cruden Bay m'dziko la Scotland. M'mimba mwake ndi pafupifupi mita imodzi. Madzi oyenda theka la mita pa sekondi, tikatenga nambala ya Strouhal (yosonyeza kuti timakamvuluvuluti tituluka pafupipafupi bwanji) ya 0.2, angamaikankhe chokweza n'chotsitsa kamodzi pa masekondi 10 alionse. Zikuoneka zochepa, koma patapita zaka chitsulo chimatopa n'kuchita ming'alu.

Ndiye musanafunse kuti pulogalamu yabwino ndi iti, dzifunseni ngati mchenga wanu uziyenda kapena ukhala phee. Mapulogalamu atatuwa, omwe amawerengera kayendedwe ka madzi pa kompyuta, amasiyanira pamenepo.

Ngati pansi pali polimba ndipo mukungofuna mphamvu imene madzi akukankhira paipi, Fluent imakufikitsani msanga. Kampani ya Ansys inaigula mu 2006, ndipo zambiri mumangodina pa sikirini. Kupanga mesh, uja ukonde wa timabokosi timene kompyuta imawerengeramo madzi, n'kosavuta, ndipo mutha kuika timabokosi topyapyala kwambiri m'mphepete mwa paipi, pomwe madzi amatayana ndi chitsulo. Pa kuvunduka kwa madzi ambiri amasankha njira yowerengera yotchedwa k-omega SST ya Florian Menter ya 1994, imene iliponso mu OpenFOAM. Chovuta ndi ndalama. Laisensi ndi yodula, ndipo mukafuna kuti ma core ambiri a kompyuta agwire ntchito limodzi mumalipiranso. Ya ophunzira ndi yaulere koma ili ndi malire pa kuchuluka kwa timabokosi. Tsono mchenga ukayamba kuyenda, Fluent imasiya kukoma: mumalemba nokha UDF, kapulogalamu kanu kowonjezera, m'chinenero cha kompyuta cha C kuti pansi pazitsika, mesh imapindika, kenako pulogalamu imaima n'kukuuzani kuti kabokosi kena katembenuka.

Apa m'pamene FLOW-3D imaonetsa ukatswiri. Imachokera ku Flow Science ya ku Santa Fe, New Mexico, yomwe Tony Hirt anayambitsa mu 1980, yemwe ujanso anathandiza kupanga njira ya VOF yolondolera pamwamba pa madzi. Za kukokoloka kwa mchenga zili kale m'katimo. Mumaiuza kukula kwa njere za mchenga ndi kulemera kwake, dzenje n'kuyamba kukumbika mukuona. Mesh yake ndi ya timabokosi ta ngodya zinayi tosapindika, paipi imangodula timabokosito, choncho palibe zotembenuka. Koma mwayi womwewo uli ndi mtengo wake. Paipi ndi yobulungira, timabokosi si tobulungira, ndiye pa funso loti madzi atayana ndi khoma pati kwenikweni, ine ndimakhulupirira kwambiri mesh yotsata thupi la paipi. Nayonso ndi yolipira.

OpenFOAM ndiyo ndimauza wophunzira aliyense amene ali ndi nthawi yambiri kuposa ndalama. Inayambira ku Imperial College ku London ndi Henry Weller, ndipo inatsegulidwa kwa onse mu 2004. Palibe laisensi yogula, ma core mungagwiritse onse amene muli nawo. Koma palibe chodina. Zonse mumalemba m'mafayilo, mesh mumapanga ndi blockMesh kapena snappyHexMesh, zotsatira mumakaonera mu ParaView, ndipo mukaiwala kachizindikiro kamodzi madzulo onse apita. Chenjeraninso kuti ilipo mitundu iwiri, ya openfoam.org ndi ya openfoam.com. Kuyambira mu 2023 ya openfoam.org inasonkhanitsa ma solver ambiri, timapulogalamu tochita masamuwo, pansi pa foamRun, pomwe inayo ikadali ndi pimpleFoam, choncho malangizo amene mwapeza pa intaneti akhoza kukana pa kompyuta yanu popanda kulakwa kwanu. Za mafunde pali waves2Foam, za mchenga pali sedFoam, imene imawerengera madzi ndi mchenga ngati zinthu ziwiri zosakanikirana. Imafotokoza bwino zochitika m'dzenje, koma imadya nthawi moti pa laputopu musayembekeze zambiri.

Iliyonse imene mwasankha, musathamangire paipi ya kasitomala. Yambani ndi kafukufuku wa Mao wa 1986 ku Technical University of Denmark, pomwe kapaipi ka masentimita 10 kanaikidwa pa mchenga m'ngalande ya mu labotale. Ambiri amayesera pamenepo. M'madzi oyenda mbali imodzi, dzenje limakhazikika pa kuya kwa pafupifupi 0.6 ya kukula kwa paipi, ndipo pulogalamu ikakupatsani kawiri kuposa apo, vuto lili pa zimene mwailowetsa. Chiyeso china n'chakuti mpata wa pakati pa paipi ndi pansi ukachepera pafupifupi 0.3 ya kukula kwa paipi, timakamvuluvulu tija timazilala. Zithunzi zamitundumitundu zisakunyengeni ngati izi sizikuoneka.

Kusankha kwanga n'kotere: pa mphamvu ndi kugwedezeka, Fluent ngati ofesi ikulipira, apo ayi OpenFOAM, chifukwa mesh ikafanana mayankho sasiyana kwenikweni. Pa dzenje lofunika sabata ino, FLOW-3D. Ndipo amene adzasaine kuti paipi yolenjekeka ija ndi yotetezeka adzatsegula kaye DNV-RP-F105, chikalata cha malangizo a mapaipi olenjekeka pansi pa nyanja, n'kufunsa ngati manambala anu akugwirizana nayo.