Modelo ya ubongo yapulasitiki ija, ndi bho koma pa meninges yaperewera

Anzanga amene mukuphunzira unamwino kapena zachipatala ndipo mukuganiza zogula modelo ya mutu ija, yokhala ndi ubongo wogawika zidutswa 8, ine ndingoti gulani koma mudziwiretu pomwe ikuperewera.

Ubongo weniweniwo anaupanga bwino zedi. Zidutswa zimagwirana ndi timaginito ndiye sizigwa chisawawa, ndipo ma lobe, zigawo zikuluzikulu za ubongo, anawapaka mitundu yosiyana, frontal kutsogolo, parietal pamwamba, temporal m'mbali cha pakhutu apa, occipital kumbuyo komwe kumagwira ntchito ya kuona. Ukachotsa theka limodzi corpus callosum imaoneka poyera mmene ikulumikizira mbali ziwirizo, cerebellum (kaubongo kakang'ono ka kumbuyo cham'munsi) ndi brainstem (tsinde la ubongo) nazo zimachoka pazokha, umaigwira brainstem m'manja nkumadabwa kuti kanthu kochepa chonchi ndi kamene kamayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. Kungoti modeloyi ndi yopepuka, pomwe ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4.

Chomwe chandikhumudwitsa ndi zokutira ubongo, zomwe amati meninges. Zilipo zitatu, dura mater yolimba yomatirira kuchigaza, arachnoid yapakati yonga ukonde wa kangaude, kenako pia mater yopyapyala yomwe imatsatira makwinya onse a ubongo. Pamodelo pano anangopaka utoto wotuwa mkati mwa chigaza nkulembapo dura basi. Mpata wa pakati pa arachnoid ndi pia momwe mumayenda madzi ozungulira ubongo otchedwa CSF mulibemo, ngakhale falx, dura yopindika ija yolowa pakati pa mbali ziwiri za ubongo, sanaiikemo. Chonsecho apa ndi pomwe pagona nkhani, matenda oumitsa khosi amatupitsa zokutira zomwezi, ndipo munthu akavulala mutu magazi atha kuunjikana pakati pa chigaza ndi dura kapena pansi pa dura, ndiye wophunzira asiyanitsa bwanji ziwirizi ngati malo ake sakuwaona? Zimenezi sizongolembera mayeso ayi, ndi moyo wa wodwala.

Kapepala ka mayina kamene kamabwera nayo ndi kolondola, koma manambala ake ndi ang'onoang'ono kwambiri ndipo ena amafufutika ukamaigwiragwira. Pophunzira meninges muziyiika pambali pa chithunzi cha m'buku choonetsa mutu wodulidwa pakati, payokha sikukwanirani.