Miyezi 14 ndikusamalira kaduwa ka m'mapiri a New Guinea

Nditangopeza kambewu ka Dendrobium cuthbertsonii ndinalemba kuti n'kosavuta kusamalira, chifukwa kanafika kali ndi maluwa atatu ofiira ndipo mwezi wonse woyamba sikanasonyeze vuto lililonse. Tsopano papita miyezi 14, ndipo mawu aja ndikuwabweza. Kambewuka kali moyo, koma kanapulumukira m'kamwa mwa mbuzi kawiri, ndipo maulendo onse awiri vuto linayambira kumizu, kumene maso safika.

Mtundu umenewu, womwe ndi wa m'gulu la maluwa otchedwa orchid, umamera m'mapiri a pachilumba cha New Guinea, kumpoto kwa Australia, mpaka pamalo okwera mamita oposa 3,000, m'nkhalango zimene nkhungu imakuta kawirikawiri. Umamatirira pamitengo ndi pamiyala yokutidwa ndi ndere, ndipo amene anaulemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi katswiri wa zomera Ferdinand von Mueller, mu 1888. Mbewu yonse imakwana pachikhatho. Timasamba take ndi tobiriwira moderako, ndipo ukatikhudza ndi chala umamva tinjerewere tokhakhala pamwamba pake, pamene duwa limodzi limakula kuposa tsamba limene lili pambali pake. Ndinaziwerenga zonsezi pachiyambi, koma sindinamvetse kuti mbewu yozolowera madzi a m'mitambo ndi usiku wozizira singasiye chikhalidwe chimenecho chifukwa choti yaikidwa pawindo.

Vuto loyamba linaonekera m'mwezi wachinayi. Ndinkathirira madzi a pampopi, ndipo pang'onopang'ono nsonga za masamba zinayamba kuda, kenako m'mphepete mwa kamphika munatuluka zoyera ngati phulusa. Nditakazula ndinapeza kuti mizu yambiri, imene iyenera kukhala yoyera ndi yolimba, inali yofiirira ndipo inkaphwanyika ndikangoipana ndi zala. Unali mchere wa m'madzi ndi wa feteleza umene unaunjikana mu ndere zosunga chinyezi zotchedwa sphagnum, zimene kanadzalidwamo. Ndinadula mizu yowolayo, ndinaika ndere zatsopano mosatsendera, ndipo kuyambira pamenepo ndimathirira madzi amvula okha. Feteleza ndimathira gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pabotolo, ndipo ulendo wotsatira ndimatsanulira madzi ambiri kuti atsuke zotsalira. Ndere siziyenera kuuma gwa ngakhale tsiku limodzi, chifukwa timitu tosunga madzi ta mbewuyi ndi tating'ono kwambiri moti sitingaipirire ludzu.

Vuto lachiwiri ndi limene linandisowetsa tulo, ndipo ndikuona kuti ndi limene munthu ayenera kuliganizira asanagule. Nyengo yotentha itafika, m'chipinda munkatentha madigiri oposa 20 ngakhale pakati pa usiku, pamene mbewuyi imakondwa usiku ukazizira kufika pa madigiri 10 mpaka 15, masana osapitirira kwambiri 25. Kutentha kwa masana inkapirira ndithu, koma usiku wofunda unaifooketsa: inasiya kutulutsa mizu, masamba anayamba kuyoyoka limodzilimodzi, ndipo akangaude ofiira, tizilombo tating'onoting'ono toyamwa masamba, anapezerapo mwayi n'kudzaza kunsi kwa masamba otsalawo. Ndinkawatsuka ndi madzi m'mawa uliwonse kwa milungu itatu. Chimene chinathandiza kwenikweni ndi kusamutsira mbewuyo mu kamphika kadothi kosapaka utoto. Madzi akamatuluka m'dothimo n'kumauma ndi mphepo, kamphikako kamazizira, ndipo ukakagwira usiku umamva kuti n'kozizira kuposa tebulo limene kakhalapo. Ndinaika fani yaing'ono yoyenda usana ndi usiku, pambali pake mbale ya timiyala tonyowa, ndipo usiku ndinkasiya windo lotsegula.

Panthawi yomweyo ndinachita chinthu chimene chinandipweteka mtima. Maluwa a mbewuyi amatha kukhala miyezi yoposa 6 osafota, ndipo awiri mwa atatu aja anali akadali owala ngati atsegulidwa dzulo, pamene mbewu yowanyamula inkatha mphamvu. Ndinawadula onse. Patapita milungu isanu ndinaona kansonga kobiriwira ka muzu watsopano kakusuzumira m'ndere, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikanawasiya maluwawo, kambewuko sikakanadzuka.

Za kuwala sindinavutike nazo. Kamafuna malo owala bwino koma opanda dzuwa lamasana lowomba mwachindunji, ndipo windo loyang'ana kum'mawa lakwanira.

Munthu amene usiku wa kwawo umazizira ndipo ali ndi njira yopezera madzi opanda mchere, ndingamulimbikitse ndi mtima wonse, chifukwa sindikudziwa kaduwa kena kochepa chonchi kamene kamakongoletsa malo kwa nthawi yaitali motere. Koma amene amachoka pakhomo masiku angapo popanda womusiyira, kapena amene chipinda chake chimafunda usiku miyezi yambiri pachaka, ndibwino asankhe orchid wa kumalo otsika, chifukwa uyu adzangomufera m'manja. Kanga pakadali pano kali ndi mphukira zinayi zatsopano ndi kaduwa kamodzi kamene kayamba kufiira kunsonga, ndipo mwezi wamawa ndidzasinthanso ndere zisanayambe kuwola.