Flux wa aluminiyamu: amagwiradi, koma pafunika kutsuka

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ntchito yanga ndi yokonza mafani, mawailesi ndi ma inverter, ndipo kabotolo aka ka flux, mankhwala othandiza kuti solda agwire pa aluminiyamu, ndakagwiritsa ntchito kuyambira m'chilimwe mpaka mvula ino.

Amene munatsegulapo mota ya fani yotchipa mukudziwa kuti waya wa mkatimo amaoneka ngati wa kopa chifukwa cha vanishi, koma mukapala mumapeza woyera, aluminiyamu. Mafani ambiri amene anthu amati apsa, mota imakhala ili bwinobwino. Pamangoduka pomwe waya woyerayo wakumana ndi wa kopa wopita ku capacitor. Kulumikiza pamenepo ndiye mutu unkandiwawa, chifukwa aluminiyamu ukangomupala, mpweya umamukuta ndi kakhungu kosaoneka nthawi yomweyo, ndipo rosin, flux wa mu solda wamba, sakachotsa. Solda amangopanga timibulu n'kugwa pansi.

Flux ameneyu amadya kakhunguko. Ndimapala waya pang'onopang'ono poti sachedwa kuthyoka, ndimadonthezapo kamodzi, kenako ndimamata solda pa aluminiyamu payekha ndi pa kopa payekha. Ndikatero ndimazipota pamodzi n'kuwotcherera. Tsiku loyamba nditaona solda akuyenderera pa aluminiyamu mpaka kuwala, mtima unakhala pansi. Ndinakoka ndi pulayala, waya anadukira pena, pamfundo osasuntha.

Soldering iron ya 30W musavutike nayo. Aluminiyamu amathawitsa kutentha msanga, choncho pamafunika ya 60W yokhala ndi nsonga yotakata. Solda wamba wa 60/40 (magawo 60 tin, 40 lead) amagwira ndithu, koma ine ndimakhulupirira kwambiri wa tin ndi zinc, amene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 199 Celsius, chifukwa amagwirizana bwino ndi aluminiyamu pakapita nthawi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zimene sanalembe momveka pa botolo. Utsi wake ndi woyabwa m'maso ndi pakhosi, gwirani ntchito pakhomo kapena pawindo. Amadyanso nsonga ya soldering iron, moti ndinapatula ina ya ntchito yokhayi. Chachikulu n'chakuti zotsalira zake zimapitiriza kudya waya mukazisiya. Ndimatsuka ndi madzi ofunda, kuumitsa, kupukuta ndi spiriti, kenako kuveka heat shrink, kachubu kofinyika ndi kutentha, ya guluu mkati. Tepi yakuda yokha siyokwanira. Kopa ndi aluminiyamu zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu ndi amene amadyeka n'kusanduka ufa woyera, mfundo imayamba kutentha, mapeto ake kuduka. Anzathu a ku Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay, kumene chinyezi chimachuluka, apa musachitepo ulesi chonde. Mafani amene ndinawatseka chonchi palibe yomwe yabwerera mvula yonseyi, ndipo eni ake anapulumutsa ndalama yogulira ina.

Pa board ya wailesi kapena ya foni flux ameneyu musamuyandikize, angakuwonongereni tinjira ta kopa. Pa mawaya akuluakulu a sola ndi mabatire ndiyenso ayi. Pamenepo gulani ma lug, timitu tovekera kunsonga ya waya, a zitsulo ziwiri, mbali ina aluminiyamu mbali ina kopa, mupane ndi crimping tool. Koma pa mawaya ang'onoang'ono a mota ndi ma transformer, ndi wothandiza zedi, ndipo poti amalowa kadontho kamodzi pamfundo, kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Kakatha ndikagulanso.