DVD ya Halloween (1978) ija ndinkaitama, pano ndanyansidwa ndi wogulitsa

Mnzanga wandifunsa ngati angakagule chimbale cha Halloween, filimu yoopsa ija ya John Carpenter ya 1978, kwa mkulu yemwe anandigulitsa changa mu taunimu, ndiye ndati ndimuyankhire pompano chifukwa nthawi ija ndinachitama kwambiri koma pano papita miyezi ndipo zina zaoneka.

Mawu akumveka bwino, ma subtitle alipo, kanyimbo ka piyano kamene Carpenter anapeka yekha kamandichititsabe tsembwe. Pamenepo palibe dandaulo.

Chimene chinandidabwitsa ndi chithunzi. Ine filimuyi ndinaionera koyamba ku vidiyo sho ndili mnyamata, pa tepi ya VHS, ndipo matepi aja ankadula m'mbali kuti chithunzi chikwane pa TV zazing'ono zija, kuphatikiza apo chimangooneka mbuu. Pa DVD chithunzi chonse chilipo, ndiye umaona mmene Michael Myers, wakupha anthu wovala chigoba choyera kumaso uja, amangoimira chapatali masana dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa mpanda wa maluwa, pakati pa nsalu zoyanikidwa pa chingwe, Laurie, mtsikana amene akumulondola uja, akasuzumiranso munthu uja kulibe. Ndiye pali malo ena chakumapeto, Laurie atangopeza mitembo ya anzake, waima pafupi ndi chitseko akulira, kumbuyo kwake kuli mdima bii, kenako nkhope yoyera ya Michael ija imayamba kuoneka pang'onopang'ono mumdimamo. Pa tepi sindinaione n'komwe, pano ndimabweza dala kuti ndionenso. Komanso magazi ndi ochepa zedi, ine mumutu mwanga ndinkakumbuka ngati anali ambiri. Taganizani, filimu ya ndalama pafupifupi madola 300,000 basi, chigoba cha kumaso chija chinali cha Captain Kirk wa Star Trek anangochipaka utoto woyera, Jamie Lee Curtis, amene anasewera ngati Laurie, n'kuti ili filimu yake yoyamba, koma ikuposa zambiri za masiku ano zodzaza ndi phokoso.

Tsono vuto ndi ili. Chimbalechi chimaima, ndipo chimaima malo amodzimodzi, pamene Laurie wabisala mu kabati ya zovala Michael akuswa chitseko, babu likugwedera, Laurie akuwongola waya wa hang'ala kuti amubaye m'diso. Chithunzi chimasweka timabokositimabokosi, mawu zii, kenako chimalumpha ukapezeka Dr Loomis, dokotala wa Michael, wayamba kale kuwombera. Miyezi yoyamba chinkangodukiza pang'ono n'kupitirira, pano chimakana kotheratu. Ndinapukuta ndi kansalu kofewa, ndinayesa pa laputopu, ndinayesa pa pleya ya aneba, chimodzimodzi. Ukachiyang'ana padzuwa pali kamzere kokandika chakumphepete, ndipo sindine ndinakanda ayi, chimakhala m'kabokosi kake nthawi zonse. Zimandipweteka kwambiri chifukwa filimu yonse imakukokera pamalo amenewo, ana anga akuluakulu ndinawaitana kuti tionere limodzi n'kudzaima pomwepo, chidwi chonse n'kuthera pompo.

Ndinabwerera kwa wogulitsa uja. Poyamba akuti pleya yanu ndi yakale bwana. Nditamuuza kuti aike mu yake chinaimanso iye akuona, ndiye akuti bwerani sabata ya mawa katundu akubwera. Ndapita kangapo, katundu sakufika. Ulendo womaliza anandiuza kuti nditenge Halloween II ya 1981 koma ndiwonjezere ndalama, eti chifukwa chimbale changa ndachigwiritsa kale ntchito. Pogula anandilonjeza ndi pakamwa pake kuti chikavuta adzandisinthira, lisiti sanandipatse.

Ndiye aise, filimuyo ionere ndithu, masiku amene mtima uli m'malo ndimaonabe kuti K8,000 yanga sinapite pachabe. Koma ndikawerengera za minibasi zimene ndawononga pomulondola mkuluyu zatsala pang'ono kufika pa mtengo wa chimbale chomwe. Kwa iyeyo usapite, ndipo kulikonse ukagule uwauze aike chimbale mu pleya, athamangitse mpaka pa kabati paja uone ndi maso ako usanatulutse ndalama.