SSD ya 500GB: ndi yabwino, koma laputopu inakana kubuta mpaka nditakonza ka EFI

Ndapereka nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa osati chifukwa cha SSD yeniyeniyo (disiki yosungira mafayilo yopanda zozungulira mkati, yolowa m'malo mwa hadi disiki) ayi, koma chifukwa cha kapepala ka malangizo ndi pulogalamu yokopera Windows kuchoka pa disiki yakale ija amati mudawunilode kwaulere, ziwirizi sizikuuzani chinthu chimodzi chofunika kwambiri, ndipo ndikamawerenga ndemanga za anzathu amene apereka nyenyezi imodzi nkumati "yabwera yakufa" ndimaona kuti ambiri abweza chinthu chabwinobwino pomwe vuto linali kwina.

Imene ndikunenayi ndi ya SATA, ya mainchesi 2.5, kuchindikala 7mm, ndinaika mu laputopu imene inabwera ndi hadi disiki ya 5400 rpm. M'bokosi muli SSD ndi kapepala basi, chingwe cha USB kupita ku SATA mulibe, masikuluu mulibe, nde ngati mukufuna kukopa Windows yanu musanachotse disiki yakale gulirenitu chingwecho padera. Ndi yopepuka moti ukainyamula umakayika ngati mkatimo muli kanthu. Mu Windows imaoneka 465GB osati 500, musati akuberani, opanga amawerenga gigabaiti ngati mabaiti 1,000,000,000 pomwe Windows imawerengera ma 1024, disiki iliyonse imatero.

Kukopa kunayenda bhobho, pulogalamu inaonetsa chizindikiro chobiriwira kuti zatheka. Ndazimitsa, ndatsegula pansi, ndachotsa hadi yakale, ndalowetsa SSD, ndayatsa. Sikirini yakuda bii, pakona timawu toti No bootable device. Kuzimitsa kuyatsanso, zomwezo.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amathamangira kubweza, koma taimani kaye. Funso loyamba ndi lakuti kodi BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe, ikuiona SSD-yo kapena ayi. Mukangoyatsa dinani F2, ena ndi Del, ena F10, zimatengera amene anapanga kompyutayo. Kwa ine patsamba loyamba penipenipo dzina la SSD linalipo ndi kukula kwake komwe, kutanthauza kuti ndi yamoyo, yalowa bwino, magetsi ikulandira. Ikanakhala kuti sikuoneka nkomwe, pamenepo nde mumakayikira kalowedwe kake kapena chingwe, pa desikitopu kumbukirani kuti zingwe ndi ziwiri, cha data ndi cha magetsi, ndipo cha magetsicho chimanyenga, chimaoneka ngati chalowa chisanafike. Koma ine nditapita pa mndandanda wa boot, mzere uja umalembedwa kuti Windows Boot Manager panalibe. Disiki ikuoneka, koma choti kompyuta iyambirepo palibe. Mukaona chonchi dziwani kuti SSD ilibe mlandu.

Ndifotokoze pang'ono zimene zimachitika mukadina batani loyatsira, chifukwa mukazimva zina zonsezi zimaphweka. Makompyuta akale aja ankagwiritsa ntchito BIOS ya Legacy, imene imangowerenga kachigawo koyambirira ka disiki yokonzedwa mwa MBR, njira yakale yogawira disiki m'zigawo zotchedwa ma patishoni. MBR imeneyi imalekeza pa 2TB ndipo imalola ma patishoni akuluakulu anayi okha. Pafupifupi makompyuta onse amene anabwera ndi Windows 8 kupita kutsogolo, kuyambira 2012, amagwiritsa UEFI m'malo mwa Legacy, disiki yake imakhala ya GPT, njira yatsopano yogawira disiki, ndipo UEFI siyang'ana pa C: ayi, imafuna kapatishoni kakang'ono ka FAT32 kotchedwa EFI System Partition, nthawi zambiri 100MB, ena 260MB, kamene sikaoneka mu File Explorer chifukwa kalibe chilembo. M'menemo ndi momwe mumakhala mafayilo ouza kompyuta kuti Windows ili pakuti. Nde pulogalamu yokopera ija, mmene inabwerera osasintha chilichonse, inachonga C: yokha, ka EFI nkukasiya ku disiki yakale. Zili ngati kusamutsa katundu yense kupita kunyumba yatsopano makiyi nkuwasiya kwakale. Ndipo siinachenjeze olo pang'ono, inangoti zatheka. Chimene chinandinyansa ndi chimenecho, chifukwa mzere umodzi wokha woti mwasiya patishoni yofunika pobuta ukanapulumutsa anthu ambirimbiri.

Njira yophweka ndi kubwezeretsa hadi yakale nkukopanso, koma ulendo uno kusankha disiki yonse, ma patishoni onse ngakhale ting'onoting'ono tomwe simukudziwa ntchito yake. Ine ndinalibe mtima wotsegulanso laputopu, timapulasitiki take togwira chivindikiro timathyoka msanga, nde ndinakonza pomwepo. Pamafunika fulashi ya 8GB kapena kuposa, yoikamo Windows ndi Media Creation Tool ya Microsoft, mupange pa kompyuta ina. Mubute pa fulashiyo, kwa ine ndi F12, ndipo ngati fulashi ikuoneka kawiri sankhani imene yayamba ndi UEFI. Sikirini yosankha chilankhulo ikabwera musapitirize, dinani Shift ndi F10, kawindo kakuda katseguka.

Lembani diskpart, kenako list disk. Yang'anani kumapeto kumanja pansi pa Gpt, ngati pali kanyenyezi ndiye kuti disiki ndi ya GPT. Yanga kanalipo. Ndinalemba select disk 0, kenako list partition, ndipo zoonadi panali mzere umodzi wokha wa Primary, wa System panalibe. Samalani nambala ya disiki abale, onani kukula kwake, fulashi nayonso imaoneka pa mndandanda womwewo, ndipo mawu oti clean amene mumawaona m'malangizo ena musawalembe, amafafaniza ma patishoni onse osafunsa kawiri. Ndinasankha patishoni ya Windows ija, nkulemba shrink desired=300 kuti papezeke kamalo, kenako create partition efi size=260, kenako format quick fs=fat32, kenako assign letter=S. Musanatuluke lembani list volume muone chilembo chimene Windows yanu yapatsidwa, chifukwa muno sikuti imakhala C: nthawi zonse, kwa ine inali D: eti. Mukatero exit, nkulemba bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI. Inayankha kuti Boot files successfully created. Ndazula fulashi, ndayatsanso, Windows Boot Manager yatulukira yokha pa mndandanda, kachizindikiro ka Windows kazungulira pang'ono basi ndili pa desikitopu, mafayilo onse alipo.

Tsono si aliyense amene vuto lake ndi limeneli, uthenga umene ukubwera pa sikirini ndi umene ukuuzeni kolowera. Ngati pa list disk kanyenyezi palibe, disiki yanu ndi MBR pomwe kompyuta ikuyembekezera GPT. Mutha kuyatsa CSM mu BIOS, ena amalemba Legacy Support, nkuzimitsa Secure Boot, ibuta ndithu ngati Windows yakeyo inaikidwa mwa Legacy, koma ine njira imeneyi sindiikonda, Windows 11 imafuna UEFI ndi TPM 2.0, ndipo Windows 10 Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 October 2025, nde bola kungosinthiratu. Kuyambira Windows 10 ya 1703 muli kapulogalamu kotchedwa mbr2gpt kamene kamasandutsa MBR kukhala GPT osafafaniza kanthu, muyambe ndi /validate kaone ngati zitheka, kenako /convert, mukatha mukasinthe BIOS kupita ku UEFI apo ayi siibutanso. Kamakana ngati ma patishoni a primary aposa atatu. Kudziwa kuti Windows yanu yakale inkayenda mwa njira iti nkosavuta, musanachotse disiki yakale lembani msinfo32 muone pa BIOS Mode.

Ngati Windows ikuyamba kenako sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, imeneyo ndi nkhani ina. Kawirikawiri ndi SATA mode mu BIOS, pali AHCI, pali RAID kapena Intel RST, akale kwambiri pali IDE. Windows imayamba ndi draiva ya mmene zinalili pamene inkaikidwa, nde wina akawerenga kuti SSD imafuna AHCI nkukasintha yekha mu BIOS, buluu. Bwezerani mmene zinalili, ilowa. Mukafunadi AHCI, yambani mwachonga Safe boot mu msconfig, musinthe mu BIOS, mulowe Safe Mode kamodzi kuti itole draiva yoyenera, kenako muchotse chongacho. Ikakhala nambala ya 0xc000000e kapena ikutchula winload.efi, ka EFI kalipo koma kakuloza ku disiki yakale, bcdboot yomwe ija imakonza, osafunikanso shrink kapena kupanga patishoni ina, mungokapatsa chilembo kamene kalipoko.

Mlamu wanga anagula yofanana ndi yangayi ya pa desikitopu, iye sanakope, anaika Windows yatsopano, koma hadi yakale ili yolumikiza. Zonse zinkayenda, tsiku limene anaichotsa hadi ija kompyuta njii. Windows ikamaikidwa ikapeza ka EFI pa disiki ina imangogwiritsa komweko, siipanga kena pa SSD, nde Windows ili uku makina oyambitsira ali uko. Poika Windows yatsopano zulani ma disiki ena onse, itsale SSD yokha, ina muzibwezera mukamaliza. Chimodzimodzi mukangotha kukopa, kubuta koyamba kukhale ndi SSD yokha, ma disiki awiri ofanana chizindikiro Windows imodzi imaiika offline, mwinanso mumapezeka mukuyendabe pa yakale osadziwa nkumadabwa kuti liwiro lija lili kuti.

Za BitLocker nazo musaiwale, ma laputopu ambiri atsopano amabwera ndi encryption imeneyi, yokhoma mafayilo onse ndi kiyi, yoyatsa kale mwini wake osadziwa. Izimitseni musanakope, ndipo kiyi wake wa manambala 48 mukhale naye pafupi, amapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda ameneyo diskpart ndi bcdboot sizikuthandizani.

Amene mukugula ya M.2 nkhani yanu ili ndi msampha wake. M.2 ndi kaonekedwe chabe, 2280 kutanthauza 22mm m'lifupi 80mm m'litali, koma mkati ina ndi SATA ina ndi NVMe, ndipo malo ena pa mothabodi amalandira mtundu umodzi wokha ngakhale inayo ikulowa bwinobwino. Ma mothabodi ena mukaika M.2 amazimitsa mabowo ena a SATA, werengani kabuku kake. Zimenezo nde zimapangitsa kuti BIOS isaione nkomwe.

Tibwere ku SSD yeniyeniyo. Pa CrystalDiskMark, pulogalamu yoyezera liwiro la disiki, kuwerenga ikufika cha m'ma 550 MB/s, kulemba kupitirira pang'ono 500, ndipo pamenepo ndi pamathero a SATA III ya 6 Gb/s, palibe ya SATA imene ingapose kwambiri apa olo ikhale yodula bwanji. Hadi yakale inkavutika kufika 100. Koma manambalawa si amene umamva pogwiritsa ntchito, chimene umamva ndi choti Task Manager sikuonetsanso Disk 100% kwa mphindi zambirimbiri ukangoyatsa, ukadina Chrome yatseguka, Windows Update ikamayenda kumbuyo laputopu siuma. Kaphokoso kaja ka kr kr kr kanatha, pansi pa dzanja lamanzere pomwe panali hadi sipatenthanso, batire ikukhalitsako pang'ono koma osati zoti nkuchita kudzitama nazo. Chofooka chake chimaoneka ukamakopa chinthu chachikulu kamodzi, monga foda ya mavidiyo ya magigabaiti makumi angapo, imayamba mothamanga kenako cache yake, kamalo kothamanga kolandirira zinthu poyamba, ikadzaza liwiro limagwa kwambiri. Kwa ine zimenezi sizichitika kawirikawiri nde sindidandaula, koma amene mumadula mavidiyo tsiku ndi tsiku ganizirani zina, ndipo ngati kompyuta yanu ili ndi malo a NVMe musavutike ndi SATA, ya PCIe 3.0 yokha imafika cha m'ma 3,500 MB/s.

TRIM, imene imauza SSD malo a mafayilo ofufutidwa kuti isamachedwe, ndinayang'ana, mumalemba fsutil behavior query DisableDeleteNotify, ikayankha 0 ndiye kuti ikugwira. Defrag musamapange pamanja, Windows imaizindikira kuti ndi SSD nkumaisamalira yokha mu Optimize Drives. CrystalDiskInfo, yoonera thanzi la disiki, ikuonetsa Good.

A kampani ndinawalembera za pulogalamu yawo ija, anayankha mwaulemu ndithu koma yankho lake lokonzeratu, loti onani chingwe, onani boot order, ikakanika bwezani tikupatseni ina. Ndikanabweza bwenzi yatsopanoyo itachitanso chimodzimodzi, poti vuto silinali pa disiki.

Chimene chatsala kwa ine ndi recovery. Poti inakopedwa ndi C: yokha, patishoni ya Recovery nayo inatsala kwakale, nde reagentc /info ikuonetsa Disabled, kutanthauza kuti Windows ikadzavuta zokonzera zija za Startup Repair sizibwera zokha, mpaka fulashi. Kafayilo kake ka Winre.wim kali pa hadi yakale, ndiye hadi imeneyo sindinaifomate, ili pa chingwe cha USB chija, ndikakatenga nkukaika mu C:\Windows\System32\Recovery kenako reagentc /enable. Nanunso yanu yakale musaifomate msanga mpaka mutaona kuti ma patishoni onse anasamuka.